Boti la M'mawa ku Liwonde: Malo Ake Sagulidwa Kuseri

Idi ikadutsa, kapena sukulu zikatsekera, mabanja ena a m'mbali mwa nyanja amatengana kukaona nyama ku nkhalango ya Liwonde m'boma la Machinga. Ena amapita banja lokha, ena amasonkherana mabanja atatu kapena anayi n'kuchita hayala minibasi, ndipo ena ndi aphunzitsi a madrasa amene amafuna kuti ana akaone ndi maso zolengedwa za Allah zomwe amangozimva m'kalasi. Zimenezi n'zokondweretsa ndithu, pakuti kale malo amenewa tinkawayesa a azungu okha, ife eni dziko n'kumangowadutsa pa msewu popita ku Zomba.

Komatu ulendo woterewu umatha m'njira ziwiri. Pali mabanja amene amabwerako ana akusimba za njovu mpaka tulo. Pali enanso amene amanyamuka kunyumba dzuwa litakwera kale, atadikirana uyu akusita malaya uyu akufunafuna nsapato, n'kukafika pachipata cha m'ma 11 koloko. Nthawi imeneyo dzuwa la m'chigwa cha Shire lili paliwombo, nyama zabisala m'mithunzi, boti la m'mawa lidapita kalekale ndipo la madzulo ladzaza ndi anthu amene adasungitsiratu malo. Ana atopa, mayi akuyang'ana bambo, ndalama ya minibasi yapita. Ndi pa nthawi ngati imeneyi pamene Satana amanong'oneza bambo wa ulemu wake kuti aitanire pambali mnyamata wa pa boti ndi kumufumbatitsa "ya fanta" kuti awapezere malo, ngakhale zitanthauze kusiya ena pa doko.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, palibe chifukwa chofikira pamenepo. Malo a m'boti la ku Liwonde amapezeka ndi zinthu ziwiri zosafuna chuma: foni yoimbidwa nthawi ilipo, ndi kulawira kumene Msilamu adazolowera kale.

Mizere iwiri ya kwa Disney

Tiyambe taona mmene anzathu akunja amachitira ndi vuto la mizere. Iwo ali ndi malo akuluakulu a zisangalalo amene kuno kwathu kulibe. Ana athu amene ali pa ntchito ku Joni amawadziwa malo otchedwa Gold Reef City mumzinda wa Johannesburg, omwe adamangidwa pa mgodi wakale wa golide. Kumeneko kuli akatungwe aatali ngati nyumba zosanja ndi timasitima tothamanga mozondoka, anthu akukuwa m'katimo. Otchuka kuposa onse ndi a kampani ya Disney ku America, omwe oyamba ake, Disneyland, adatsegulidwa m'chaka cha 1955 ku California. Masiku otanganidwa munthu atha kuima pa mzere ola lathunthu kapena kuposera apo kuti akwere chinthu cha mphindi zitatu.

M'chaka cha 1999 kampaniyi idayambitsa njira yotchedwa FastPass. Mlendo ankapita pa makina n'kutenga kapepala kolembedwa nthawi yoti adzabwerenso, tinene kuti pakati pa 2 koloko ndi 3 koloko. Ankachoka kukachita zina, ndipo nthawi ikakwana ankalowera khomo la mzere waufupi. Kapepalako kadali kaulere. Wolemera ndi wosauka ankakatenga mofanana, ndipo wopindula adali amene wafika msanga timapepala tisanathe. Koma m'chaka cha 2021 njirayi idathetsedwa, m'malo mwake mudabwera yolipira yotchedwa Genie+, yomwe mu 2024 idasinthidwa kukhala Lightning Lane Multi Pass. Chaka chomwecho adatulutsanso chiphaso china chodula zedi, chimene mtengo wake udafika madola 400 pa munthu mmodzi pa tsiku limodzi, osawerengera ya pachipata.

Tsono taonani mmene zimayendera. Mipando ya m'kasitima siwonjezeka chifukwa choti wina walipira. Mpando uliwonse umene wapita kwa wa mzere waufupi ndiye kuti wa mzere wautali wadikira nthawi yowonjezera. Chimene wolemera wagula ndi nthawi ya mnzake.

Sitikunena kuti chimenechi n'chiphuphu ayi. Mtengo wake ndi wolembedwa poyera, adaukhazikitsa ndi eni malo, risiti imatuluka, ndipo aliyense wolowa amadziwa kuti mizere ilipo iwiri. N'chimodzimodzi ndi pasipoti ya changu imene a ku Immigration kuno kwathu amapereka kwa amene walipira mtengo wokwererapo. Komabe pa njira ziwirizi ife mtima wathu uli pa yakale ija, yopatsa munthu nthawi yake molingana ndi pomwe wafikira. Mwamwayi, ku Liwonde zinthu zimayenda mofanana ndi yakaleyo: wosungitsa malo msanga ndiye amakwera.

Nkhalango ya pakhomo pathu

Nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Mbali yake yaikulu ili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kuyambira pafupi ndi tauni ya Liwonde mpaka ku nyanja ya Malombe. Kachigawo kochepa kali tsidya la kumadzulo, mbali ya Balaka, boma lomwe lidapatuka ku Machinga m'chaka cha 1998. Achikulire a m'midzi yozungulira akukumbukira nthawi imene misampha ya waya idali paliponse m'nkhalangomu, njovu nazo zikutuluka kukathera anthu chimanga m'minda, nthawi zina kupha kumene anthu. M'chaka cha 2015 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi mothandizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Bungweli lidazunguliza mpanda wa magetsi ndi kuzula misampha yoposa 30,000.

Kuyambira pamenepo nyama zakhala zikubwera ndi kupita ngati alendo a pa ukwati. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zidasamutsidwa pa malole kupita ku nkhalango ya Nkhotakota, choncho awerengi athu a ku Nkhotakota adziwe kuti zina mwa njovu zawozo kwawo ndi kwa Liwonde. Mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Zobwera nazo zilipo. Nyama ya liwiro ija yotchedwa cheetah idabwezedwa mu 2017 patapita zaka pafupifupi 20 isakuoneka m'Malawi, mikango idafika mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021. Onjezani mvuu, ng'ona, njati, mphalapala, nswala, njiri ndi mitundu ya mbalame yoposa 380. Mwana amene waona njovu ikuoloka Shire chitamba chokha chili m'mwamba safunikanso kuuzidwa zambiri za ukulu wa Mlengi.

Polowera palipo pawiri, ndipo kusankha kwake ndi gawo loyamba la kukonza ulendo. Chipata chachikulu chili kum'mwera, makilomita ochepa kuchokera m'tauni ya Liwonde, kufupi ndi phiri la Chinguni. Ochokera ku Balaka ndi ku Mangochi amayamba aoloka Shire pa Kamuzu Barrage, chotchingira madzi chija chidamangidwa mu 1965, kenaka n'kukhotera ku chipatacho. Njira yachiwiri ndi ya pa Ulongwe, m'boma la Balaka, pa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi. Kuchokera pa Ulongwe pali msewu wafumbi wa makilomita osafika 20 wokathera m'mbali mwa Shire moyang'anizana ndi Mvuu Camp. Galimoto imatsala tsidya lino, anthu n'kuoloka pa boti. Kwa zaka zambiri mlendo akafika pa doko limeneli ankakweza mbendera kuti a tsidya linalo amuone ndi kumutumizira boti. Kwa ochokera ku Mangochi ndi ku Monkey Bay njira imeneyi ndi yachidule, koma ndi yomwenso imafuna kuti munthu akhale atadziwitsiratu eni malo, pakuti nkovuta kuti boti lioloke kudzatenga anthu 18 amene palibe akuwayembekezera.

Mipando ndi yowerengeka

Zokwera zenizeni ku Liwonde zilipo ziwiri: boti loyenda pa Shire, ndi galimoto yapululu m'mbali yolowa m'tchire ndi woperekeza alendo. Kulinso kuyenda pansi ndi agemu a mfuti, koma kumeneko ana aang'ono saloledwa. Maboti ndi magalimoto ambiri ndi a malo ogona alendo, ena a m'kati mwa nkhalango monga Mvuu, ena a kunja kwake m'mbali mwa mtsinje m'tauni ya Liwonde. Ndalama ya pachipata ndi ina, ya boti ndi inanso. Apa ndi pamene mabanja amapunthwa, poganiza kuti akalipira pachipata ndiye kuti boti lalowa momwemo.

Galimoto yoonera nyama kawirikawiri imanyamula anthu osapitirira 10. Boti nalo lili ndi chiwerengero chake molingana ndi mipando ndi majekete oyandamitsa munthu. Maulendo amenewa sayenda ngati minibasi za pa depoti, zoti ina ikadzaza ina ikubwera pambuyo. Amanyamuka m'mamawa ndi chakumadzulo, ulendo uliwonse maola awiri kapena atatu, ndipo eni ake amayamba aganizira alendo amene agona pamalopo. Gulu la anthu 16 lofika mwadzidzidzi Loweruka ndiye kuti likupempha magalimoto awiri omwe ali kale ndi eni ake.

Choncho sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanachitike, munthu mmodzi wosankhidwa ndi gulu aimbe foni kumalo kumene mukufuna kukakwerera. Atchule tsiku, chiwerengero cha akulu ndi ana, ndi zaka za mwana wamng'ono pa onse. Afunse nthawi yeniyeni yonyamukira ndi malo okumanirana. Afunsenso mtengo wa Mmalawi, pakuti nzika za dziko lino zimalipira ndalama yochepa kwambiri pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo pa chifukwa chimenechi chitupa cha unzika chisatsale kunyumba. Mtengo umene alamu anu adalipira zaka zapitazo musauwerengere. Mu Novembala 2023 mokha kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya malo a alendo imatsata dola. Akakuuzani kuti mutumize ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, yambani mwatsimikiza kuti nambalayo ndi ya malowo ndithu, ndipo uthenga wa malipiro muusunge mpaka tsiku la ulendo. Safunsa adadya phula. Aphunzitsi a madrasa achite bwino kulembera kalata akuluakulu a nkhalango nthawi ilipo, chifukwa gulu la ana 40 silingalandiridwe ngati banja limodzi.

Nanga ngati thumba likungolola chimodzi, boti kapena galimoto? Ife tinganene kuti boti, osazengereza. Pa galimoto mutha kuzungulira m'mitengo ya tsanya ola lathunthu n'kuona nswala ndi njiri zokha. Mkango ndi mphaka, masana onse umagona. Chipembere chimakonda zitsamba zowirira ndipo ambiri amabwerera osachiona. Koma pa mtsinje mvuu sizisowa, ng'ona zili pa mchenga kukamwa kuli yasa, nkhwazi ili pa nthambi, ndipo m'chilimwe njovu zimatsika zokha kudzamwa madzi. Agogo nawo savutika ndi mabampu. Bambo wolonjeza ana mkango akudziputira mlandu. Alonjezeni mvuu, mkango ukaoneka ikhale mphatso.

Amene ali ndi galimoto yawoyawo yokwera bwino atha kulowa nayo pa chipata chachikulu m'chilimwe n'kuzungulira okha pang'onopang'ono, ndipo njira imeneyi ilibe mzere uliwonse. Minibasi yotsika, yodzazanso ndi anthu, imavutika m'misewu ya m'katimo, choncho funsiranitu.

"Ya fanta"

Kusungitsa malo si kulanda mnzako. Wosungitsayo adaima kale pa mzere, kungoti adaima pa foni. Kuchita hayala boti lonse kuti mukwere banja lanu lokha nakonso kulibe vuto ngati mwini wake wavomera, mtengo ndi wodziwika, ndipo risiti yatuluka. Chiphuphu chili ndi nkhope yake: chimaperekedwa mobisa, chimapita m'thumba la wantchito osati kwa mwini malo, chilibe risiti, ndipo penapake pali munthu amene akulandidwa chake. Chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad (Swallallaahu alaihi wasallam) pa nkhani imeneyi n'chodziwika kwa Msilamu aliyense, kuti tsoka lake limagwera wopereka ndi wolandira yemwe. Kuchitcha "ya fanta" kapena "ya mayunitsi" sikusintha chinthucho.

Taganizirani amene akupwetekedwa. Woyamba ndi mnyamata amene mwamuyesayo, yemwe akagwidwa ntchito yamuthera, pamene inu muli kwanu mukudya mpunga. Lachiwiri ndi banja limene lidasungitsa malo, mwina la ku Ntaja kapena ku Namwera, litasunga ndalama miyezi itatu monga mudachitira inu. Ndipo ngati kunong'onako kuli kwa pachipata, kuti ena alowe osalembedwa, dziwani kuti ndalama ya pachipata ndi imodzi mwa zothandiza kulipira agemu ndi kukonza mpanda uja wotchinga njovu ku minda ya abale athu omwe.

Palinso china choopsa. Nthawi zambiri wolandira chiphuphu sachotsa munthu ayi, amangowonjezera anthu m'boti kupyola muyezo. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa bwino chimene bwato lodzaza limachita mafunde akabwera, ndipo pa Shire pali choposa mafunde. Mu Meyi 2023 ku Nsanje, pa mtsinje womwewu, mvuu idagunda bwato lomwe lidanyamula anthu 37. Mwana wa chaka chimodzi adamwalira ndipo anthu oposa 20 adasowa m'madzi. Woyendetsa boti akanena kuti ladzaza, kumeneko ndi kukusamalirani. Onetsetsani kuti aliyense wavala jekete yoyandamitsa, ndipo dzanja la mwana lisalendewere m'madzi.

Ana amaona zonse. Amaona dzanja la bambo awo likulowa m'thumba, amaona anthu ena akutsala pa doko, ndipo phunziro limenelo amalisunga kuposa la njovu. Amaonanso pamene bambo awo akupereka mpando wa pa mthunzi kwa gogo wa banja lina, kapena akulola mayi woyembekezera kuti ayambe kukwera. Kuthokoza woperekeza alendo ndi kangachepe ulendo utatha, poyera, ndi nkhani ina. Imeneyo ndi mphatso ya ntchito imene wagwira kale bwino, ndipo palibe amene yamulanda kanthu.

Nyama zili ndi nthawi yake, Swala ilinso ndi yake

Nyama zambiri zimayenda ndi kudya kukali kozizira, m'mamawa ndi chakumadzulo. Apa Msilamu ali ndi mwayi umene alendo ena amauvutikira, chifukwa iye amadzuka kale pa Swala ya Subuhi. Chipata chimatsegulidwa cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa cha m'ma 6 koloko madzulo. Banja la ku Balaka, ku Ulongwe kapena ku Ntaja litha kuswali Subuhi kunyumba n'kufika chipata chikutsegulidwa kumene, ngati zovala, chakudya ndi mafuta a galimoto zidakonzedwa dzulo lake. A ku Mangochi awerengere ola limodzi ndi theka pa msewu. Koma a ku Monkey Bay, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota asayese kuyenda usiku ndi ana. Ndi bwino kufika dzulo lake n'kugona kwa abale kapena pa malo otsika mtengo m'tauni ya Liwonde.

Boti la m'mawa likabwerera cha m'ma 9 kapena 10 koloko, imeneyo ndi nthawi yodya ndi kupuma pa mthunzi. Dhuhur m'dera limeneli imalowa 12 koloko isanakwane, pamene nyama zili m'mithunzi, kotero palibe chimene mukutaya poswali mofatsa. Asr imalowa pafupi ndi 3 koloko, ndipo maulendo a madzulo amanyamuka cha pomwepo kapena patangopita pang'ono. Swalini musanakwere.

Yovuta ndi Magharibi. Dzuwa limalowa cha m'ma 5:20 mu Juni ndi cha m'ma 6 koloko mu Disembala, ndipo magalimoto a madzulo a alendo ogona konko amabwerera mdima utagwa pofuna kuona nyama za usiku. Nthawi ya Magharibi ndi yaifupi, komanso m'nkhalango munthu satsika m'galimoto paliponse pamene wafuna. Pa mwambo wa maulendo amenewa, dzuwa likamalowa galimoto imaima pamalo poyera kuti alendo amwe zakumwa, zina mwa izo zoledzeretsa. Muuzeni woperekeza musananyamuke kuti gulu lanu mowa ayi, ndipo kuti poimapo mukufuna mphindi zochepa za Swala pafupi ndi galimoto. Iye akaona kuti malowo si abwino, mau ake ndi omaliza, pakuti akudziwa chimene chili kuseri kwa chitsamba. Obwerera tsiku lomwelo alibe vuto limeneli: atuluke chipata chisanatsekedwe n'kukaswali mu mzikiti wa pa Liwonde kapena pa Ulongwe.

Ena adzafunsa za chilolezo cha munthu wa pa ulendo, chofupikitsa Swala za marakaa anayi kukhala awiri ndi kuphatikiza Dhuhur ndi Asr, Magharibi ndi Isha. Chilolezocho chilipo, koma chili ndi mtunda wake. M'chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene ambiri a ife timatsata, mtundawo amauwerengera pa makilomita pafupifupi 80 kupita kokha. Wochokera ku Balaka, komwe ndi makilomita pafupifupi 30 okha, sali m'gulu limeneli, ngakhalenso wa ku Zomba. Wa ku Monkey Bay, Salima ndi Nkhotakota alimo mosakayika. Wa pa boma la Mangochi ali pamalire penipeni, kotero ayambe wafunsa a Shehe a mzikiti wake, osati kudzigamulira yekha dzuwa likulowa. Za Lachisanu sitichulutsa mau: ulendo wa chisangalalo uli ndi masiku ena asanu ndi limodzi, usalimbane ndi Jumu'ah.

Kupeza Kibla ku Liwonde nkosavuta. Mzinda wa Makkah uli kumpoto kwathu, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. Shire m'nkhalangomu amachokera kumpoto ku Malombe kutsikira kum'mwera, choncho woyang'ana kumene madzi akuchokera sali kutali ndi Kibla, ngakhale kuti mtsinje umakhotakhota ndipo m'mawa ndi bwino kutsimikiza ndi dzuwa, likhale ku dzanja lanu lamanja. Koma mtsinjewo ukhale chizindikiro chokha. Udhu usachitidwe m'mbali mwa Shire ngakhale madzi aoneke odekha chotani. Ife amene tidakulira pa gombe la nyanja tidazolowera kugwada pa mchenga n'kutunga madzi ndi manja, koma ng'ona ya ku Liwonde imadikira pomwepo, pamadzi osaya, ndipo siioneka mpaka itagwira. Nyamulani chigubu cha madzi a udhu, chosiyana ndi cha akumwa, pamodzi ndi mikeka yoswalirapo.

Pa chakudya, ofuna kudya pa malo a alendo afunsiretu pa foni yomwe ija ngati nyama yake ndi ya halaal. Pokayika, chambo ndi ndiwo zamasamba zilipo. Ambiri amanyamula chawo, mpunga, nsomba yokazinga ndi mandasi, ndipo zimenezi zimapulumutsa ndalama yoti ingakwanire mpando wina wa m'boti. Chenjerani ndi anyani ndi apusi, akatswiri otsegula madengu. Musawaponyere kanthu, ndipo mapepala ndi mabotolo abwerere nanu kunyumba.

Mwezi woyenera

Tsiku la Idi ya Fitri ndi la tchuthi m'dziko muno, ndiye mtima umafuna kuti ulendo ukhale masiku omwewo. Koma kalendala yathu imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. M'chaka cha 2025 Idi ya Fitri idagwa kumapeto kwa Malichi, ndipo kwa zaka zingapo zotsatira izigwa m'kati mwenimweni mwa dzinja. Nthawi imeneyo, kuyambira Disembala mpaka Epulo, misewu yambiri ya m'nkhalango imasanduka matope moti ina imatsekedwa, udzu umatalika, ndipo nyama zimabalalika chifukwa madzi ali paliponse. Boti limayendabe, mbalame ndi zambiri, dziko ndi lobiriwira mokongola, koma amene akufuna kulowa ndi galimoto adzakhumudwa. Idi ya nsembe, yomwe mu 2025 idagwa kumayambiriro kwa Juni, ili pabwinopo, ngakhale nayo ikusendera ku mvula chaka ndi chaka.

Mu Juni ndi Julayi m'mawa pa mtsinje pamazizira kwambiri boti likamathamanga, choncho majuzi a ana asaiwalike. Mu Okutobala ndi Novembala nyama zimaunjikana m'mbali mwa Shire chifukwa madambo auma, ndipo ndi nthawi imene zimaoneka zambiri, koma kutentha kwake kumapyola madigiri 35, kovuta kwa khanda ndi kwa agogo. Kwa banja la ana aang'ono ife tingasankhe Ogasiti: sukulu zatsekera, udzu wauma, misewu ndi yodutsika, ndipo dzuwa silinafike poopsa. Koma popeza Ogasiti yemweyo ndi mwezi umene alendo akunja amachuluka, foni ija iimbidwe Julayi asanathe.